Masewero a pa TV ochokera ku magemu: bwanji Halo inagwa koma Fallout inaima?

Lutembwe_117
Anzanga, ndabwera ndi dandaulo. Halo ya pa TV anaithetsa mu 2024 itangoyenda masizoni awiri, chonsecho gemu yake yakhala ikumveka kuyambira 2001. Mu 2024 momwemo Fallout inatuluka ndi magawo 8, aliyense n'kumaitama, ngakhale amene sanagwirepo pad chibadwire. Ndalama zinalipo mbali zonse ziwiri. Nanga chinasiyana n'chiyani? Ine ndikuti ndi chisoti. Master Chief, msilikali amene umakhala mu gemu ya Halo, anavula chisoti m'gawo loyamba lomwelo, nkhani inafera pomwepo. Wotsutsa abwere ndi mfundo, osati phokoso.

Mphangwe
Chisoti basi. Tsekani zokambirana.

Achemwali_Roci
Achimwene, chisoti ndi chizindikiro chabe, matenda enieni ali kwina. Mu gemu Chief saonetsa nkhope chifukwa amafuna kuti wosewera adzione kuti ndi iyeyo ali m'katimo. Pa TV ndi zoona kuti zimavuta kuyendetsa nkhani ndi munthu wosaoneka maso, koma The Mandalorian inatha kuchita zimenezo kuyambira 2019, ndiye sitinganene kuti n'zosatheka. Cholakwika cha Halo n'chakuti anatenga munthu amene anthu amamudziwa kale, n'kumupatsa mbiri ina imene anaitcha Silver Timeline. Pamenepo woonera aliyense amene anasewera gemu amakhala ndi ntchito imodzi yokha, yoyerekeza kuti apa asintha, apa anama. Fallout inazemba msampha umenewo. Lucy, Maximus ndi Ghoul ndi anthu atsopano, nkhani ikuchitika mu 2296 cha ku Los Angeles, magemu onse atadutsa kale. Dziko ndi lomwelo, ma vault omwewo obisalamo pansi pa nthaka, gulu la asilikali la Brotherhood of Steel lomwelo, koma palibe amene angakuuzeni kuti Lucy sanali wotero mu gemu, poti mu gemu mulibe Lucy.

Nyakwawa_wa_PS2
Mfundo yokoma koma ili ndi bowo. The Last of Us inatenga Joel ndi Ellie omwewo, ulendo womwewo, mawu ena kuchita kukopera mu gemu, ndipo inayenda bwino mu 2023. Ndiye lamulo lanu loti osakhudza anthu odziwika lagwa.

Achemwali_Roci
Silinagwe. Gemu imeneyo inali kale filimu yoyendetsa ndi zala. Njira ndi imodzi, mathero ndi amodzi, wosewera sasankha kanthu. Komanso amene analemba gemuyo, Neil Druckmann, anakhala nawo polemba sewerolo pamodzi ndi Craig Mazin wa Chernobyl. Onani zimene anasintha. Mu gemu matenda a bowa amene amasandutsa anthu kukhala zilombo amafalikiranso ndi fumbi la bowa la mumpweya, anthu amavala zophimba kumaso. Pa TV anachotsa zimenezo kuti nkhope za ochita sewero zizioneka, m'malo mwake anaika timizu tolumikiza odwalawo pansi pa nthaka. Mliri anaubweza kuchoka mu 2013 kupita mu 2003. Zonsezi sizinakhudze khalidwe la Joel. Halo inasintha munthu weniweniyo.

Mphangwe
The Last of Us si sci-fi n'komwe. Ndi za mizukwa.

Dokotala_wa_Mchini
Ndi sci-fi aise. Bowa wa mtundu wa cordyceps alipodi, amalowa m'nyerere, nyerereyo n'kukwera pa tsamba, kuluma, kufera pomwepo bowayo n'kumera pamutu pake. Mwa munthu sangakhale chifukwa thupi lathu limatentha madigiri 37. Sewerolo linayamba ndi akatswiri akukambirana pa TV mu 1968 kuti nanga dziko litatentherako, bowa n'kuzolowera kutentha? Kutenga chinthu choona n'kuchikankha pang'ono kuti tione kumene chingafike, imeneyo ndiyo sci-fi. Sikuti mpaka pakhale chombo cha m'mlengalenga.

Mdala_wa_Zimbale
Ana inu mukuyang'ana ndi maso okha, makutu mwawasiya kuti? Munthu amene anasewera Halo akamva mawu a amuna oimba ngati a m'nyumba ya amonke aja, tsitsi limamuimirira asanaone chilichonse. Nyimbo imeneyo ndi ya Martin O'Donnell ndi Michael Salvatori, ndipo pa Halo 2 ya 2004 anaikamo gitala ya Steve Vai. Pa TV sinapatsidwe malo ake, imangodutsa mwa apo ndi apo. Fallout inasunga chizolowezi cha magemu ake, choika nyimbo zofewa za m'ma 1940 ndi 1950, za magulu monga The Ink Spots, pamene anthu akuphana pa sikirini. Kuseka ndi mantha zimabwerera limodzi. The Last of Us inaitananso Gustavo Santaolalla yemweyo amene anaimba mu gemu. Awiri amene anasunga nyimbo anaima, amene anataya nyimbo anagwa. Muziwerengera nokha.

Lutembwe_117
A Mdala, ndiye mukuti akanasiya nyimbo yonse, chisoti n'kuvulabe, zikanayenda?

Mdala_wa_Zimbale
Sindinatero. Ndati zikanapweteka pang'ono.

KaGamer_Katete
Pepani akuluakulu, ndipatuke pang'ono. Fallout 4 pa PS4 ingaseweredwe pa batire ndi inverter? Malaiti akayenda gemu ili pakati, makinawo amatulutsa uthenga woti sanazimitsidwe bwino, n'kuyamba kufufuza disiki. Zimenezi siziwononga?

Fundi_Kapata
Zimawononga, makamaka magetsi akathima pamene ikusunga. Fallout 4 imadzisungira yokha pafupipafupi, ukalowa m'nyumba, ukatuluka, ukagona, ndiye mwayi woti zikumane ndi waukulu. Tiyambe ndi masamu a batire.

Batire la 12V 100Ah lili ndi 1200Wh pa pepala. Ngati ndi la mtovu, la gel kapena lothira madzi, musapitirire theka, apo ayi miyezi yochepa lafa. Mwatsala ndi 600Wh. Inverter imadya yake pafupifupi 15 pa 100 alionse, ndiye zenizeni ndi 500Wh ndi kanthu. PS4 yoyamba ija, yaikulu, imakoka cha m'ma 140W gemu ikuyenda. TV ya LED ya mainchesi 32 onjezani 45W. Pamenepo muli ndi pafupifupi maola awiri ndi mphindi 45. Slim imadya zochepa, mutha kufika maola atatu ndi theka kapena kupitirira pang'ono. PS5 imakoka cha m'ma 200W, batire lomwelo silifika ngakhale maola awiri ndi theka. Batire la lithium la LiFePO4 mutha kulitsitsa mpaka kutsala 20 pa 100 osavulala, n'chifukwa chake limadula.

Zinthu zitatu zimene anthu amalakwitsa. Choyamba, batire la galimoto. Linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, osati kutsitsidwa pang'onopang'ono usiku uliwonse. Chachiwiri, mawaya owonda pakati pa batire ndi inverter. Ma 190W ku mbali ya 12V, kuphatikiza zimene inverter imadya, ndi pafupifupi 19A, waya wa sipika amatentha n'kusungunuka. Ikani waya wonenepa, waufupi, ndi fyuzi pafupi ndi batire. Chachitatu, inverter yotchipa ya modified sine wave. Imayatsa inde, koma mudzamva kulira kwa nziii m'kati mwa makina, ndipo power supply imatentha kuposa muyeso. Funani ya pure sine wave, 500W ikukwana.

Ngati thumba silikulola zonsezi, ka UPS ka 650VA kali ndi kabatire ka 7Ah. Sikosewerera, n'kokupatsani mphindi zochepa zoti musunge ndi kuzimitsa bwino. Ndipo Rest Mode iiwaleni kwathu kuno. Nyali ya lalanje ija ikutanthauza kuti makina akadali moyo, magetsi akapita ndi chimodzimodzi kuzula pulagi.

KaGamer_Katete
Zikomo a Fundi. Nanga ikayamba kuchedwa kutsegula magemu pambuyo pa zimenezi?

Fundi_Kapata
Zimitsani kotheratu. Gwirani batani loyatsira osasiya, ilira kamodzi, dikirani mpaka ilire kachiwiri patatha masekondi 7. Mwalowa mu Safe Mode. Lumikizani pad ndi waya wa USB, sankhani Rebuild Database. Imeneyo siifufuta magemu kapena zimene munasunga. Musakhudze pamene palembedwa Initialize PS4, pamenepo ndiye pamapita zonse. Komanso sabata iliyonse koperani zosunga zanu pa flash kudzera mu Application Saved Data Management. Flash ikhale ya FAT32 kapena exFAT, ina siiwerenga.

Mphangwe
Ndipo PS4 ikamalira ngati chigayo mu October?

Fundi_Kapata
Ndi fumbi. Anthu amapukuta fani n'kuganiza kuti atha, koma chimene chatseka ndi heatsink, zitsulo zochotsa kutentha, kuseri kwa faniyo, fumbi limaumbika pamenepo mpweya osadutsa. Mufunika sikuludiraiva ya Torx T8 kapena T9 ya bowo pakati. Zulani pulagi kaye. Pouzira mpweya gwirani faniyo ndi chala isazungulire. Ngati makinawo apitirira zaka zinayi kapena zisanu asanatsegulidwepo, phala lotulutsa kutentha la pa chip lauma kale. Pukutani ndi isopropyl, ikani latsopano kadontho kakang'ono pakati, osapaka ponseponse. Chinanso chimene ambiri sakhulupirira ndi mphemvu. Zimakonda kufunda kwa power supply, zimalowera m'mabowo a m'mbali, imodzi ikagunda pa mbali ya 230V mumangomva kuti thwa, makina osayakanso. Musaike PS4 pansi kapena m'kabati yotseka.

Mwami_Transit
Onjezani izi kwa amene amalandira katundu wochokera ku America. PS4 ndi PS5 zimalandira 100V mpaka 240V, mumangosintha waya. Koma PS2 yonenepa ija ndi chibokosi cha magetsi cha Xbox 360 zochokera kumeneko ndi za 110V kapena 120V zokha. Mukalumikiza kuno ndi utsi. Werengani kalebulo kumbuyo musanayatse.

Lutembwe_117
Ndafunsa za Halo, tafika pa mphemvu.

Achemwali_Roci
Pirirani achimwene, ndi gulu. Kwa amene akufuna kuonera ndi bandulo yochepa, Netflix imanena yokha kuti pa ola limodzi imadya pafupifupi 0.7GB pa mlingo wapakati, mpaka 3GB pa HD, ndipo 7GB pa 4K. Fallout ili pa Prime Video, manambala amasiyanako koma njira ndi yomweyo. Magawo 8 a sizoni yoyamba a pafupifupi ola limodzi ndi cha m'ma 6GB pa mlingo wapakati, koma pa HD mwadutsa 20GB. Pa foni kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni. Sankhani mlingo musanadine download, ndipo tsitsani usiku ngati netiweki yanu ili ndi bandulo ya usiku.

Zed_Trap_Boy
Manje a Mdala mwatchula Steve Vai, koma rock inafa kale. Ndani amvera magitala masiku ano? Ni nyimbo za madala.

Mdala_wa_Zimbale
Mwana iwe, ngati unasewera Doom ya 2016 unamvera metal maola ambiri osadziwa. Mick Gordon anagwiritsa ntchito magitala a nsambo 8 ndi 9 kuti mawu atsike pansi. Mu Cyberpunk 2077 gulu la Johnny Silverhand, amene amaseweredwa ndi Keanu Reeves, limatchedwa Samurai, koma oimba enieni ndi Refused a ku Sweden. Ndipo poti umakonda za ku America, pita ukamvere Noid ya Tyler, the Creator ya mu 2024. Gitala yokalipa ija ndi mawu a Chinyanja aja anazitenga mu Nizakupanga Ngozi ya Ngozi Family. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, koma gitala yake ndi imene yanyamula nyimboyo. Travis Scott nayenso anatenga za Amanaz pa chimbale chake cha Utopia mu 2023. Anthu akunja akubwera kudzatola za kwathu, iwe ukuti zinafa.

Zed_Trap_Boy
Ija ni ya pa Zed? Mwanama a Mdala.

Kanjala_Fuzz
Sananame. Zamrock, rock ya ku Zambia, inali yamphamvu m'ma 1970, makamaka ku Copperbelt ndi ku Lusaka. Woyamba kumene ayambire pa zimbale zitatu. Lazy Bones!! ya WITCH ya 1975, Africa ya Amanaz ya 1975, ndi Day of Judgement ya Ngozi Family ya 1976. Zitatuzi sizifanana. WITCH ili ndi kavinidwe, Jagari Chanda anatengera dzina ndi machitidwe a pa siteji kwa Mick Jagger. Amanaz ndi yodekha, yautsi, nyimbo zina za Chibemba zina za Chingelezi. Ngozi Family ndiye yaukali, gitala ya fuzz kutsogolo, ng'oma za Chrissy Zebby Tembo kumbuyo, mawu olunjika a moyo wa mu komboni. Kenako mufike kwa Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, kumene mumva malipenga ndi ng'oma za kwathu zambiri.

Chinathandiza n'chakuti boma la a Kaunda linalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo Zambia Music Parlour ndi Teal ku Ndola ankatulutsa zimbale. Chinazimitsa ndi kugwa kwa mtengo wa mkuwa, malamulo oletsa kuyenda usiku amene anapha madansi, disco ndi kalindula kutenga malo, kenako Edzi m'ma 1980 inatenga oimba ambiri. Jagari anakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kumakumba miyala ya mtengo wapatali. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles ndi imene inatulutsanso zimbalezi, ndipo WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023.

Nyakwawa_wa_PS2
Lamulo la 95 lija musalitame kwambiri. Magulu amenewa anayamba lamulo lisanabwere, ankaimba kale za Hendrix ndi Rolling Stones m'mabala a ku migodi. Lamulo linangowapatsa wailesi.

Kanjala_Fuzz
Wailesi ndiyo inali msika wonse nthawi imeneyo. Popanda iyo chimbale chikanagulidwa ndi ndani ku Lundazi?

Gitala_ya_Kwaya
A Kanjala, mawu a gitala ya Paul Ngozi aja amapezeka bwanji? Pa multi-effects pali distortion koma sizifanana, zimangomveka zakuthwa m'makutu.

Kanjala_Fuzz
Distortion ndi fuzz ndi zinthu ziwiri. Fuzz yakale ya mtundu wa Fuzz Face ili ndi ma transistor awiri okha, ma resistor ochepa, ma capacitor atatu ndi batire la 9V. Imadula mawu mwankhanza mpaka noti imodzi kumveka yonenepa, yong'ambika m'mphepete. Kuti muyandikire, chitani izi.

Fuzz ikhale yoyamba kuchokera ku gitala. Mukaika tuner kapena pedal ina ya buffer patsogolo pake, mawu amawonda n'kuyamba kulira mokwiyitsa, chifukwa fuzz yotere imafuna kulumikizana ndi pickup mwachindunji. Amp ikhale yoyera, gain pansi, treble pang'ono, middle m'mwamba. Fuzz muitsegule pafupifupi yonse, ndiye muziilamulira ndi volume ya pa gitala. Pa 10 ndi moto wa solo, pa 6 kapena 7 imayera moti mutha kuimba ma chord. Oimba akale ankachitira pamenepo, osati kuponda pedal mphindi iliyonse.

Kuthwa kumene mukunenako nthawi zambiri si pedal, ndi sipika. Sipika ya amp ya gitala imadula mawu onse opitirira cha m'ma 5kHz. Mukalowetsa fuzz molunjika mu mixer ya kutchalitchi, ma tweeter amatulutsa zonse zimene zikanadulidwa zija. Ngati mulibe amp, yatsani cabinet simulator pa multi-effects yanuyo.

Pogula, ya ma transistor a germanium imakoma koma imadana ndi kutentha. Masana a October ku Mfuwe kapena ku Nyimba mawu amasintha, noti kumaduka isanathe. Ya silicon, monga ya BC108, siisamala za nyengo. Za germanium zambiri zilinso ndi positive ground, ndiye musaziike pa adapter imodzi ndi ma pedal ena, zipatseni batire lakelake. Mukamaliza zulani jack ya ku input, apo ayi batire limadyeka usiku wonse.

Gitala_ya_Kwaya
Abusa akamva zimenezi Lamulungu ndithamangitsidwa.

Mphangwe
Yambani ndi volume pa 6.

Dokotala_wa_Mchini
Kuphatikiza nkhani ziwirizi, sewero la sci-fi limene likusoweka ndi la kwathu. Nkhani ilipo kale. Mu 1964 Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi wa sayansi amenenso anamenyera nawo ufulu, analengeza kuti Zambia ipita kumwezi ndi ku Mars. Ophunzira ake ankawagubuduza m'migolo kutsika phiri kuti azolowere, ndipo anapempha UNESCO mapaundi 7 miliyoni. Wina atalemba sewero loti chombocho chinanyamukadi, nkhani n'kufika mu 1975, nyimbo zake zonse n'kukhala Zamrock, ndani sangaonere?

Achemwali_Roci
Poyambira palipo. Supa Team 4 ya Malenga Mulendema inatuluka pa Netflix mu 2023, atsikana anayi mu Lusaka ya m'tsogolo. Ndi ya ana, koma muli ma minibasi, misika ndi kuthima kwa magetsi zimene tonse tikuzidziwa. Nkhani ya Nkoloso yokha ndikuopa kuti akunja angaisandutse nthabwala. Imafuna wolemba amene akumvetsa kuti munthuyo ankalankhula chaka chimene dziko linkalandira ufulu, pamene kulota zazikulu kunali ndale.

Mdala_wa_Zimbale
Ndipo musaganize kuti sci-fi inabwera ndi Netflix. Doctor Who inayamba pa BBC mu 1963, ndipo Zambia inali m'gulu la maiko amene anagula magawo oyambirira m'ma 1960, ngakhale TV nthawiyo sinkafika kuno kum'mawa. BBC inafufuta matepi ake ambiri, ndiye magawo ena anapulumukira m'maiko amene anagulawo. Mu 2013 analengeza kuti apeza magawo 9 ku Jos, ku Nigeria.

Lutembwe_117
Chabwino, tibwerere. Amazon inalengeza kuti ikukonza sewero la Mass Effect. Potengera mfundo ya a Roci, iyenda kapena igwa?

Achemwali_Roci
Akatenga Shepard, munthu amene umakhala mu gemuyo, agwa kuposa Halo. Chief anali mmodzi kwa aliyense. Shepard ndi wa wosewera, wina wake ndi mwamuna, wina mkazi, wina waukali, wina wachifundo. Pa pulaneti la Virmire mu gemu yoyamba ya 2007 umasankha amene afe pakati pa Ashley ndi Kaidan, ndipo chisankhocho chimakutsata mpaka gemu yachitatu. Sewero likasankha mbali imodzi, theka la osewera lakwiya tsiku loyamba. Atenge anthu atsopano pa Citadel kapena pa Omega, Shepard azingotchulidwa patali. Ndipo aphunzire kwa The Expanse mmene chombo chimayendera. Kumeneko kulemera kwa anthu m'chombo kumachokera ku kukankha kwa injini, pakati pa ulendo chombo chimatembenuka n'kuyamba kukankha chobwerera kuti chiime. Malamulo akakhala olimba chotero, nkhondo iliyonse imakhala ndi mtengo wake.

Nyakwawa_wa_PS2
Mass Effect yopanda Garrus ine sindionera.

Zed_Trap_Boy
Nanga Cyberpunk ija mwatchula, ningagule pa PS4?

Fundi_Kapata
Pa PS4 wamba ayi. Inatuluka mu December 2020 ili ndi mavuto ambiri moti Sony anaichotsa pa sitolo yawo mpaka June 2021. Anaikonzako, koma zosintha zazikulu za 2.0 ndi Phantom Liberty sizinabwere pa PS4, ndipo disiki yokha popanda kutsitsa ma update a ma GB ambiri ndi gemu yosweka ija. Onerani Edgerunners pa Netflix, magawo 10 afupiafupi, gemuyo idikire PS5 kapena kompyuta yamphamvu. Ndalama imeneyo gulani Mass Effect Legendary Edition ya 2021. Muli magemu atatu, imayenda bwino pa PS4 iliyonse, ndipo siifuna intaneti posewera. Imabwera ndi madisiki awiri, ndiye pogula yogwiritsidwa kale ntchito tsegulani bokosi muone kuti onse alimo, ndipo siyani malo okwana 100GB pa hard disk musanayambe kuika.